Thanki ya Nsomba za M'nyanja Yamchere ndi Giza ya M'nyumba: Mafunso ndi Mayankho a ku Kabanana

Pakati pa anthu oweta nsomba zokongoletsera nyumba ku America ndi ku Ulaya, eni mathanki akuluakulu ali ndi njira yotenthetsera madzi amchere pogwiritsa ntchito madzi otentha a m'giza ya m'nyumba, m'malo mwa zotenthetsera za magetsi zimene zimamizidwa m'thankimo. Nkhani ino ikuunika njirayi poiyika pamalo enieni, ku Kabanana, komboni ya kumpoto kwa Lusaka m'dera la Mandevu, kumene nyengo, magetsi, madzi ndi kamangidwe ka nyumba n'zosiyana kwambiri ndi za kumene njirayi inayambira.

N'chifukwa chiyani thanki ya nsomba iyenera kutenthetsedwa m'dziko lotentha ngati Zambia?

Mzinda wa Lusaka uli pachitunda chokwera pafupifupi mamita 1,280 kuchokera pamene pamalekezera madzi a m'nyanja yaikulu, ndipo kukwera kumeneku kumachititsa kuti miyezi ya Juni ndi Julayi ikhale yozizira ndithu, moti usiku mpweya umatsika kufika madigiri 10 kapena kucheperapo, ngakhale kuti masana dzuwa limawala bwino. Nsomba za m'nyanja yamchere zimene anthu amaweta, pamodzi ndi makorali, omwe ndi tinyama tokhala m'magulu timene timamanga matanthwe a laimu pansi pa nyanja, zimachokera m'madzi ofunda onga a m'gombe la Mozambique ndi Tanzania, ndipo m'thanki zimafuna madzi a madigiri 24 mpaka 26 usana ndi usiku, chaka chonse. Thupi la nsomba silidzipangira kutentha koma limangotsata kutentha kwa madzi amene nsombayo ilimo, choncho madzi akazizira nsomba imasiya kudya, imafooka, ndipo matenda a timadontho toyera pakhungu amaigwira mosavuta.

Nyumba zambiri za ku Kabanana, monganso za ku Chawama, George ndi Kanyama, n'zomangidwa ndi mabuloko a simenti n'kufoleredwa ndi malata, ndipo zina zilibe siling'i, motero chipinda chimazizira msanga dzuwa likangolowa n'kutenthanso msanga likatuluka. Kukwera ndi kutsika kwa kutentha kotereku, kukamachitika tsiku ndi tsiku, kumafoola nsomba kuposa kuzizira pang'ono kosasinthasintha.

Kodi madzi a m'giza amatenthetsa bwanji madzi a m'thanki?

Madzi awiriwa sakumana mpang'ono pomwe, chimene chimadutsa kuchoka kwina kupita kwinako ndi kutentha kokha. Pansi pa thanki yaikulu pamakhala kathanki kena kobisika, kamene eni mathanki amakatcha sump, komwe madzi amchere amatsikira kukasefedwa asanakwezedwenso ndi pampu. M'kathanki kameneka amamizamo paipi ya pulasitiki ya mtundu wa PEX, yotalika mamita 15 mpaka 30, yokulungidwa mozungulirazungulira kuti ikwanemo yonse, ndipo nsonga yake imodzi imalumikizidwa kumene madzi otentha amatulukira m'giza, pamene inayo imabweza madziwo kumene madzi ozizira amalowera. Kapampu kakang'ono kamayendetsa madzi otenthawo m'paipimo, ndipo kachipangizo kotchedwa thermostat, kamene kali ndi chingwe choyezera kutentha chomizidwa m'madzi amchere, kamayatsa kapampuko madzi akatsika kufika madigiri 24 n'kukazimitsa akafika 25 kapena 26.

Ena amaika chipangizo chachitsulo chotchedwa heat exchanger m'malo mwa paipi yaitaliyo, chomwe ndi bokosi kapena chubu chimene madzi a mitundu iwiri amadutsamo moyandikana atalekanitsidwa ndi khoma lopyapyala. Kwa madzi amchere khomalo liyenera kukhala la chitsulo chotchedwa titanium, pakuti ngakhale chitsulo chosachita dzimbiri chimene amapangira mapoto ndi masinki chimabooka timabowo chikakhalitsa mu mchere.

Bwanji osangothira madzi otenthawo m'thanki?

Lita imodzi ya madzi a m'nyanja yaikulu imakhala ndi magalamu 35 a mchere, ndipo madzi a m'giza akathiridwa m'thanki mcherewo umasukuluka, zimene makorali sapirira. Chachiwiri ndi klorini amene kampani ya Lusaka Water Supply and Sanitation imathira m'madzi kuti aphe tizilombo, mankhwala amene kufunika kwake kunaonekera poyera pa mliri wa kolera umene unayamba mu Okutobala 2023 n'kufika poti bwalo la masewera la National Heroes linasandutsidwa chipatala, koma amene amawononga ziwalo zopumira za nsomba.

Chachitatu ndi mkuwa. Chitsulo chimenechi, chomwe ndi msana wa chuma cha Zambia, chimadutsitsa kutentha pafupifupi kuwirikiza 1,000 kuposa pulasitiki ya PEX, kotero mmisiri wa mapaipi amene sanagwirepo ntchito ya nsomba angathe kuchisankha ndi mtima wabwino, koma m'madzi amchere chimasungunuka pang'onopang'ono n'kukhala poizoni. Mlingo wa mamiligalamu 0.2 pa lita, umene amagwiritsa ntchito pochiza nsomba zodwala m'thanki yapadera, umapha makorali, nkhanu ndi nkhono. Madzi amene agona m'giza ndi m'mapaipi a mkuwa amatengako chitsulochi, n'chifukwa chake ngakhale kudontha kwakung'ono polumikizira paipi ya m'kathanki kuli ndi ngozi, ndipo polumikizira ponse payenera kukhala kunja kwa madzi amchere.

Kodi thanki yaikulu imafuna kutentha kochuluka bwanji?

Yuniti imodzi ya magetsi, imene imawerengedwa pa mita ya ZESCO ndipo ndi mawati 1,000 ogwiritsidwa ntchito kwa ola limodzi, imakweza malita 860 a madzi ndi digiri imodzi, ndipo mawerengero onse a nkhaniyi amachokera pa nambala imeneyi. Thanki yotalika mamita 2, ya masentimita 70 m'lifupi ndi 70 kuya kwake, imasunga malita pafupifupi 1,000, omwe kulemera kwake ndi tani imodzi, kupatula galasi, miyala ndi mchenga. Mwachitsanzo, ngati thanki yotere ili m'chipinda cha madigiri 15 ndipo ikutaya mawati 400 kudzera m'galasi ndi pamwamba pa madzi, pa maola 12 a usiku imataya mayuniti 4.8.

Giza ya malita 150 yotenthetsedwa kufika madigiri 60, ikazizira kufika madigiri 30, pomwe imakhala italeka kupereka kutentha kooneka ku thanki ya madigiri 25, imakhala itapereka mayuniti 5.2. Manambala awiriwa akaikidwa pamodzi, zimaoneka kuti usiku umodzi wa mu Julayi thankiyo imatha kumwa pafupifupi kutentha konse kwa m'giza, ndipo ana opita kusukulu m'mamawa amapeza madzi osamba ali zii.

Pamwamba pa madzi ndi pamene pamataika kutentha kochuluka mosaonekera, chifukwa lita iliyonse imene yauma n'kukhala nthunzi imapita ndi mayuniti pafupifupi 0.7, ndipo mpweya wouma wa ku Lusaka m'nyengo yachisanu umafulumizitsa kuumako.

Kodi njirayi imapulumutsa mayuniti a magetsi?

Ngati giza ndi ya magetsi, yankho ndi lakuti ayi, ndipo apa ndi pamene ambiri amasokonezeka. Giza ili ngati nkhokwe, imene imasunga chimanga koma siilima, ndipo chimene chimatulukamo sichingapose chimene chinalowamo. Chitsulo chotenthetsera cha m'giza, chimene kawirikawiri chimakoka mawati 2,000 kapena 3,000, chimasandutsa yuniti imodzi ya magetsi kukhala yuniti imodzi ya kutentha, ndipo chotenthetsera chagalasi chomizidwa m'thanki ya nsomba chimachitanso chimodzimodzi, popanda kupambanako kapena kuchepako. Kusiyana kuli pa njira imene kutenthako kumadzera. Kochokera ku chotenthetsera cha m'thanki kumalowa konse m'madzi a nsomba, pamene kochokera m'giza kumataikako m'makoma a gizayo, kumataikanso m'mapaipi amene amadutsa m'denga lozizira, ndipo kapampu koyendetsa madzi nakonso kamadya magetsi ake.

Kumene njirayi inatchukira, nyumba zambiri zimatenthetsa madzi ndi gasi wobwera m'mapaipi a pansi pa msewu, yemwe m'madera ambiri a ku America ndi wotsika mtengo kwambiri poyerekeza ndi magetsi opereka kutentha kofanana. Mwini thanki kumeneko akachotsa zotenthetsera za magetsi amakhala wasamutsira ntchitoyo ku gasi wotchipa, ndipo phindu lake lonse lagona pa kusiyana kwa mitengo iwiriyo. Ku Lusaka kulibe mapaipi a gasi opita m'nyumba, gasi amagulidwa m'masilinda, ndipo magiza ambiri amadya magetsi omwewo amene chotenthetsera chikadadya. Munthu wa ku Kabanana amene angalipire mmisiri, kugula mapaipi ndi kapampu, n'cholinga choti mayuniti azimukhalira nthawi yaitali, angawononge ndalama kawiri, ndipo pa nyumba za lendi zimene mabanja angapo amagawana mita imodzi, mkangano wa mayuniti othera pakati pa mwezi sungachedwe kubuka.

Pali chipangizo chimodzi cha magetsi chimene chimasintha mawerengerowa, chotchedwa heat pump, chimene chimagwira ntchito ngati firiji yotembenuzidwa, pokoka kutentha mumpweya wa panja n'kukulowetsa m'madzi. Pa yuniti imodzi chimatha kupereka mayuniti atatu a kutentha, koma mtengo wake ndi wokwera, ndipo nachonso chimaima magetsi akathima.

Nanga giza ya dzuwa?

Apa pokha ndi pamene njirayi imayamba kukhala ndi tanthauzo ku Lusaka. Miyezi yozizira kwambiri ndi yomwenso ili yopanda mvula, ndipo masana ake ambiri amakhala owala, moti malo a mita imodzi m'litali ndi m'lifupi amalandira kuchokera ku dzuwa mphamvu yokwana mayuniti pafupifupi 5 patsiku. Giza ya dzuwa imene machubu ake amatenga malo owirikiza kawiri pamenepo, ikagwira theka la mphamvuyo, imasunga mayuniti pafupifupi 5, omwe ndi ofanana ndi amene thanki ya m'chitsanzo chija imataya usiku. Kutentha kumeneku sikudutsa pa mita, ndipo kumasungidwa m'madzi, omwe ndi otchipa kuposa mabatire.

Komabe pali zinthu zitatu zofunika kuziganizira. Giza ya dzuwa imakhala padenga pamene thanki ili pansi, ndipo popeza madzi otentha amakwera m'mwamba mwachibadwa, sangatsikire okha m'kathanki popanda kapampu, kamene kamafuna batire lake. Kachiwiri, giza ya machubu agalasi ilibe choletsa kutentha kopitirira, moti mu Okutobala madzi ake amatha kuyandikira kuwira, zimene zimafewetsa paipi ya pulasitiki, choncho pamafunika valavu yosakaniza madzi otentha ndi ozizira kuti olowa m'paipi asapitirire madigiri 50. Kachitatu ndi nkhani ya laimu. Lusaka anamangidwa pa thanthwe la laimu, ndipo madzi a m'zitsime ndi m'mijigo yake, amene amasakanizidwa ndi ochokera mu mtsinje wa Kafue, amasiya zoyera zolimba mkati mwa ketulo iliyonse. Zoyera zomwezo zimamatirira m'kapampu ndi m'mavalavu, ndipo valavu yomatirira ndiyo gwero la ngozi yaikulu ya njirayi.

Mwanzeru, giza yotenthetsera thanki iyenera kukhala yakeyake, yosiyana ndi yosambira banja, ngakhale kuti pamenepo njirayi imakhala italeka kukhala yogwiritsa ntchito madzi a m'nyumba n'kukhala chipangizo china chapadera.

Magetsi akathima kwa maola ambiri, kodi giza ingapulumutse nsomba?

Chaka cha 2024 chinapereka phunziro lokwanira pa funso limeneli. Chilala chimene Pulezidenti Hakainde Hichilema anachilengeza kuti ndi tsoka la dziko pa 29 Febuluwale chaka chimenecho chinachepetsa kwambiri madzi a m'nyanja ya Kariba, ndipo popeza magetsi ambiri a Zambia amachokera m'madzi, ku Kariba North Bank ndi ku Kafue Gorge, pofika mu Seputembala madera ambiri a Lusaka ankakhala mumdima maola oposa 20 patsiku. M'nyengo yotere giza ya magetsi ilibe ntchito, chifukwa maola ochepa amene magetsi amabwera sakwanira kuidzaza kutentha tsiku ndi tsiku kwinaku ikutumikira banja.

Chofunika kudziwa n'chakuti kuzizira si kumene kumayamba kupha. Thanki ya malita 1,000 yotaya mawati 400 imatsika ndi digiri imodzi pa maola atatu, ndipo imatsika pang'onopang'ono kwambiri ikafundidwa bulangeti. Mpweya wa oksijeni ndiwo umatha msanga, pakuti mapampu akaima madzi saphwanyikanso pamwamba, madzi amchere amasunga oksijeni wochepa kuposa madzi wamba, ndipo nsomba, makorali ndi tizilombo tothandiza ta m'zosefera zonse zimapitiriza kupuma. M'thanki yodzaza nsomba, imfa zimatha kuyamba pasanathe maola ochepa. Batire limene lilipo, ngati lili limodzi, liyenera kupatsidwa kaye kapampu kopopera mpweya ndi koyendetsa madzi, ndipo nkhani ya kutentha ibwere pambuyo.

Kodi ngozi za njirayi ndi ziti, kwa nsomba ndi kwa anthu a m'nyumba?

Kwa nsomba ngozi yaikulu ndi kutentha kopitirira. Chotenthetsera cha mawati 300 chikakanirira choyaka, thanki yaikulu imatenga nthawi yaitali kuti ifike pangozi, koma kumbuyo kwa paipi ya m'kathanki kuli giza ya mawati 3,000, imene ingathe kukweza malita 1,000 ndi madigiri oposa 2 pa ola ngati paipiyo ikudutsitsa kutentha konse. Mwini nyumba atapita ku tauni m'mawa, pobwera masana angapeze madzi apitirira madigiri 32, mlingo umene makorali amayera n'kufa. N'chifukwa chake pamaikidwa ma thermostat awiri otsatizana, kuti wina akalephera winayo adule magetsi, pamodzi ndi valavu yotchedwa solenoid, imene imatseguka pokhapokha ikalandira magetsi n'kudzitseka yokha akachoka.

Kwa anthu ngozi ndi yobisika. Kuyambira Seputembala mpaka Novembala thanki sifuna kutenthetsedwa, ndipo madzi a m'paipi yokulungidwa ija amangokhala chikhalire pa madigiri 25 kwa milungu yambiri. Tizilombo totchedwa Legionella, timene tinatulukiridwa pambuyo pa mliri wa chibayo umene unagwa mu 1976 pa msonkhano wa asilikali akale ku Philadelphia, timaswana m'madzi oima a madigiri 20 mpaka 45, ndipo timalowa m'mapapo kudzera m'timadontho ta madzi timene munthu amapumira posamba pa shawa. Kapampu kakadzayakanso, madzi ogonawo amabwerera m'giza imene banja limasambira. Njira zopewera ndi kusunga giza pa madigiri 60, kukhuthula paipiyo nyengo yotentha ikayamba, kapena, chimene chili chabwino koposa, kuika heat exchanger ina pakati kuti madzi a m'paipi ya m'kathanki asakhudzane n'komwe ndi madzi a pa mpope.

M'miyezi yotenthayo vuto limatembenukiratu, popeza chipinda cha malata chopanda siling'i chimatha kupitirira madigiri 30, ndipo chimene chimafunika ndi fani youzira pamwamba pa madzi.

Nyumba zambiri za m'komboni zilibe giza. Kodi mwini thanki angachite chiyani?

M'makomboni a Lusaka mabanja ambiri amatunga madzi pa mpope wa panja kapena pa kiosiki, ndipo madzi osamba amatenthetsa m'poto pa mbaula. Kwa oterowo ntchito yoyamba, imene ilinso yoyamba kwa amene ali ndi giza, ndi kuchepetsa kutentha kotaika. Mapepala okhuthala a polystyrene, onga amene amatetezera firiji yatsopano m'katoni, akamatidwa kumbuyo, m'mbali ziwiri ndi pansi pa thanki, n'kusiya galasi la kutsogolo lokha, amatseka malo ambiri otayira kutentha, ndipo chivundikiro chagalasi pamwamba chimaletsa madzi kuuma. Kuika siling'i m'chipindamo kumathandiza nsomba ndi anthu omwe.

Usiku wozizira wopanda magetsi, mabotolo a pulasitiki a malita awiri odzazidwa madzi otentha a m'poto, otsekedwa zolimba ndi kupukutidwa kunja kuti pasakhale sopo kapena phulusa, amayandamitsidwa m'kathanki ka pansi. Imeneyi ndi njira yomwe ija ya giza, yongochitidwa ndi manja, koma mphamvu yake ndi yochepa, pakuti botolo limodzi lozizira kuchoka pa madigiri 60 kufika 25 limakweza malita 70 okha ndi digiri imodzi, motero thanki ya malita 1,000 ingafune mabotolo 14 pa digiri iliyonse. Kulowetsa mbaula m'chipinda kuti chifunde ndi kulakwitsa koopsa, chifukwa makala oyaka m'chipinda chotseka amatulutsa mpweya wakupha wopanda fungo, umene umapha anthu ogona nyengo yachisanu iliyonse.

Kodi nsomba za m'nyanja yamchere ndi zoyenera kuweta ku Kabanana?

Zambia ilibe gombe, ndipo doko lapafupi la Beira lili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 1,000 pamsewu, choncho madzi amchere ayenera kupangidwa. Mchere wa kukhitchini sungagwire ntchitoyi, chifukwa ulibe zinthu monga calcium ndi magnesium zimene makorali amamangira mafupa awo, motero pamafunika mchere wapadera woitanitsa kunja, makilogalamu 35 podzaza thanki ya malita 1,000 koyamba, ndi makilogalamu 3.5 nthawi iliyonse imene malita 100 asinthidwa. Madzi osungunulira mcherewo ayenera kudutsa kaye m'sefa yotchedwa reverse osmosis, imene imataya malita atatu kapena anayi pa lita iliyonse yoyera, chinthu chovuta kuchivomereza kumene madzi amagulidwa pa chigubu. Malo aakulu oonetsera nsomba zotere m'chigawo chino cha Africa, monga Two Oceans Aquarium ya ku Cape Town imene inatsegulidwa mu 1995 ndi uShaka Marine World ya ku Durban ya mu 2004, ali m'mphepete mwenimweni mwa nyanja, kumene madzi amchere amangopopedwa.

Nsomba zimene oweta a ku Ulaya ndi ku America amaziyerekeza ndi za m'makorali pa kukongola zili pafupi. Mbuna za m'miyala ya Nyanja ya Malawi, zobiriwira, zachikasu ndi zamizeremizere, zakhala zikutumizidwa kunja kuchokera ku Salima kuyambira m'zaka za m'ma 1970, ntchito imene Stuart Grant anatchuka nayo mpaka nsomba ina inapatsidwa dzina lakuti Aulonocara stuartgranti, ndipo zina za banja lomwelo zimagwidwa m'Nyanja ya Tanganyika cha ku Mpulungu. Nsomba zimenezi zimakonda madzi a laimu wambiri, omwe ndi amene ali pansi pa Lusaka, sizifuna mchere wogula, ndipo madzi a pa mpope amazikwanira klorini akangochotsedwamo, ngakhale kuti madzi a m'zitsime zosaya za m'komboni, zimene zimayandikana ndi zimbudzi zokumba, ayenera kuyezedwa kaye. Nazonso zimafuna madigiri 24 mpaka 27, kotero mawerengero onse a mayuniti, a polystyrene ndi a giza ya dzuwa amagwira ntchito pa thanki yawo monga momwe amagwirira pa thanki yamchere.